Mwana Wopita ku Koleji Tisamperekeze ndi Mantha Okha

Ndiloleni ndiyambe ndi cinthu cimene tonse taciona ndi maso.

Ndi pa Sondo m'mawa. Mlembi wa mpingo waimirira kupereka zidziwitso. Atatha za msonkhano wa amai ndi za ndalama za malata, alengeza kuti mwana wa mumpingo mwathu wapeza malo ku koleji ku Lusaka. Nthungululu zimveka. Mwanayo aitanidwa kutsogolo, aimirira manja kumbuyo, maso pansi. Mbale iyenda kuti tisonkhe ya basi. Tsono akulu ayamba kumulangiza: ukacenjere ndi mowa, ukapewe magulu oipa, usakatibweretsere mimba m'malo mwa satifiketi, kumbukira kuti mudzi wonse ukuyang'ana iwe. Tipemphera, tigwirana canza, tibalalika.

Malangizo awa sindiwanyoza ai. Koma taonani katundu amene mwanayo akwera naye basi: cikwama, thumba la nshawa, kabotolo ka ciponde, ndi mantha odzaza mtima. Palibe ndi mmodzi yemwe wamuuza mmene maphunziro a ku koleji amayendera. Palibe wamuuza kuti tsiku lina adzalephera mayeso kwa nthawi yoyamba pa moyo wake, ndi kuti tsikulo sindiwo mathero.

Papita caka. Mwana uja timuona wakhala pa benci lakumbuyo m'chalichi, osafuna kuyang'ana munthu. Mawa lake timupeza ku msika wa Kapata akugulitsira amalume ake. Ndipo ife tiweruza msanga: "Tauni yamuononga." Ena ati, "Nzeru zake zinali za kumudzi cabe."

Ine ndikana, ndipo ndikana kolimba. Ambiri mwa ana amene amabwerera cotere sanaonongedwe ndi mowa kapena cibwenzi. Anafika pamalo acilendo, anagwa mphwayi, anadzikhulupiritsa okha kuti malowo si awo, ndipo panalibe wowatsutsa. Mlandu umenewu tili nawo gawo ife amene tinawaperekeza.

Zimene zinandicitikira

Ndinena zimene ndidziwa, pakuti ndinapitamo. Ndinakulira m'mudzi wina pafupi ndi Chipata. Ku sekondale ndinali mmodzi wa otsogola m'kalasi, ndipo aphunzitsi akasowa woyankha funso anali kuyang'ana ine. Nditalandira kalata ya malo ku koleji ina ku Lusaka, ndinayenda makilomita oposa 550 pa Great East Road ndili wotsimikiza kuti kumeneko kudzakhala cimodzimodzi. Titaoloka mlatho wa Luangwa mtima unayamba kugunda, koma ndinati ndi cimwemwe cabe.

Sabata yoyamba, mphunzitsi anafunsa funso m'cipinda ca anthu oculuka kuposa mpingo wathu wonse. Yankho ndinali nalo. Ndinaimika dzanja monga mwa cizolowezi, ndinayamba kulankhula, ndipo lilime langa la kum'mawa linasakaniza r ndi l. Kuseri kunamveka kuseka. Za kusekedwa ndi Abemba kuti timadya mbewa ndinazizolowera, cimeneco n'cimbuya ndipo nafenso timawabwezera. Koma kuseka uku kunali kwina. Kunandiuza kuti ndatsegula pakamwa pamalo osayenera. Kucokera tsiku lomwelo dzanja langa silinakwerenso kwa miyezi itatu.

Nchito yoyamba anati ilembedwe pa kompyuta. Ku sukulu kwathu makompyuta analipo owerengeka, ndipo tinali kuunjikana ambiri pa imodzi. Anzanga a m'tauni anamaliza usiku umodzi, ine masiku anai, ndi cala cimodzi. Sindinadziwe kuti buku m'laibulale limafunidwa ndi nambala. Sindinadziwe kuti kukopera mau a m'buku osachula mwini wake ndi mlandu, popeza ku sekondale kuloweza notsi ndiko kunali nzeru. Sindinadziwe kuti mphunzitsi ali ndi maola amene wophunzira aliyense aloledwa kugogoda pa ofesi yake. Kwathu mwana sagogoda pa citseko ca wamkulu popanda kuitanidwa.

Mayeso oyamba ndinapeza 38 pa 100. Ndinapinda pepalalo kanai n'kulibisa m'thumba. Kunyumba ndinali kuwauza kuti zonse zili bwino, cifukwa ndikanayamba bwanji kuuza amai amene anagulitsa mbuzi kuti mwana wao wanzeru uja walephera? Usiku ndinali kuganiza kuti mwina amene anasankha maina analakwitsa, ndipo tsiku lina adzazindikira. Ndinafika mpaka pofunsa mtengo wa basi yobwerera ku Intercity.

Cimene cinandibweza ndi cacing'ono kwambiri. Mlongo wina wa caka cacitatu, wocokera ca ku Katete, anandimva ndikulankhula pa foni. Nditamaliza anati, "Acimwene, kodi ndinu akum'mawa?" Tinaceza, ndipo anandifunsa mosabisa kuti mayeso ayenda bwanji. Ndinamuonetsa pepala lija. Analiyang'ana n'kunena, "Inu mwacita bwino. Ine pa mayeso anga oyamba ndinapeza 31, ndinalira sabata yathunthu. Bwerani mawa ndikuonetseni pamene mwataya mamakisi."

Nzeru zanga sizinaonjezeke usiku umenewo. Cimene cinasintha ndi tanthauzo la 38 uja. M'mawa anali umboni wakuti ndine mlendo wolowerera. Madzulo anali cinthu cimene cimacitikira munthu wa caka coyamba, ndipo cimatha. Funso limene landisautsa kucokera pamenepo ndi ili: bwanji ngati mlongo uja akanadutsa njira ina tsiku limenelo? Kodi tsogolo la mwana tilisiye m'manja mwa mwai wotere?

Zitseko zatsegulidwa

Tisaname, dziko lathu lacita zambiri kuti mwana wa kumudzi afike pa cipata ca koleji. Mu 1997 boma linalola kuti mtsikana wotenga mimba abwerere ku sukulu atabereka. University of Zambia, imene inatsegulidwa mu 1966, inakhazikitsa lamulo losungira atsikana malo 30 pa 100 alionse. Mu 2016 kunapangidwa lamulo lokhazikitsa bungwe la ngongole za maphunziro la HELSB, ndipo pogawa ngongolezo limapatula gawo la atsikana, la ocokera ku midzi, ndi la olemala. Ndalama za cakudya za ophunzira zimene zinacotsedwa mu 2019 zinabwezedwa mu 2023. Mu Januwale 2022 malipiro anacotsedwa m'masukulu a boma mpaka Giredi 12, ndipo caka comweco thumba la CDF linakwera kufika pa K25.7 miliyoni pa konstityuwensi iliyonse, gawo lina lolipirira ana ku sukulu zogonera komweko ndi ku maphunziro a nchito zamanja.

Zonsezi ndi zitseko, ndipo tiyamika. Cifukwa ca izo, mwana wa mlimi wa ku Chipangali, Kasenengwa kapena Vubwi lero angathe kukhala pa benci limodzi ndi mwana wa dokotala wa ku Kabulonga. Koma citseko sicilowa ndi munthu m'nyumba. Ngongole ilipira sukulu, koma siuza mwana cocita akalephera mayeso. Awiriwa akhala pa benci limodzi, koma wina ali ndi atate, amai ndi akulu ake amene anapitamo, ndipo akasokonezeka angoimba foni. Winayo ndiye woyamba m'banja lonse, ndipo akaimba foni kunyumba amva mau amodzi okha: "Limbikira, mwanawe." Alimbikire bwanji? Amai sangamuuze, pakuti njirayo sanaipondepo.

Makoleji ali ndi masiku olandirira atsopano, kuwaonetsa nyumba, malamulo ndi maofesi. N'zothandiza. Koma masiku ocepa sakwanira, ndipo mwana wa kumudzi kawirikawiri ndiye amafika mocedwa, cifukwa anali kudikira kuti cimanga cigulitsidwe kapena kuti dzina lake lituluke pa ngongole. Akafika, apeza anzake adziwana kale ndipo maphunziro ayamba.

Makolo athu anali kudziwa

Codabwitsa n'cakuti nzeru imene ndikuitanitsa si yacilendo. Kodi ndi liti pamene Mcewa, Mngoni kapena Mnsenga anaponyera mwana m'moyo watsopano wopanda womugwira dzanja? Namwali ali ndi phungu wake. Wolowa m'banja akhala pansi ndi alangizi, ndipo mumpingo momwe muno sitimanga ukwati wa anthu amene sanalangizidwe. Agogo athu popita ku Walale, ku Joni kapena ku migodi ya ku Copperbelt anali kutsagana ndi munthu wodziwa njira, ndipo pofika anali kufikira kwa wakwao amene anawaonetsa kofunsira nchito ndi kogona.

Tsono taonani zimene ticita ife a masiku ano. Wokwatiwa kupita mudzi woyandikana nawo timulangiza masabata. Wopita ku Lusaka, ku Kitwe kapena ku Kabwe kukakhala zaka zinai pakati pa anthu a cilankhulo cina ndi makhalidwe ena, timupatsa mphindi khumi pambuyo pa zidziwitso. Timanena kuti safunsa anadya phula, koma mwana timulera kuti kufunsa wamkulu ndi mwano, kenaka timutumiza kumalo kumene wosafunsa amalephera. Kodi pamenepa wolakwa ndani?

Zimene ena anapeza

Vuto ili si lathu lokha, ndipo maiko ena analiyang'ana kale. Ku America, kuyambira mu 1965, kuli makonzedwe a Upward Bound amene amatenga ana a mabanja osauka, ndi amene makolo ao sanafike ku koleji, kuwaphunzitsa ndi kuwagoneka pa koleji pa holide asanamalize sekondale, kuti malowo asakhale acilendo.

Mu 1989 ku New York, mai wina dzina lake Deborah Bial anamva mnyamata amene anasiya koleji akunena kuti sakanasiya akanakhala ndi kagulu ka anzake. Pa mau amenewa anayambitsa Posse Foundation. Gulu loyamba, la ophunzira asanu, linapita ku Vanderbilt University. Masiku ano amatumiza khumi khumi ku koleji imodzi, atakumana ndi kukonzekera pamodzi miyezi ingapo. Mutu umodzi susenza denga. Iwo anangotenga nzeru imeneyi n'kuisandutsa nchito.

Koma cimene cinandigwira mtima kopambana ndi kafukufuku wa Gregory Walton ndi Geoffrey Cohen, amene anatuluka mu 2011 m'magazini ya asayansi ya Science. Anatenga ophunzira 92 a caka coyamba pa yunivesiti ina ya ku America, akuda ndi azungu. Ena mwa iwo anapatsidwa kuwerenga zimene akulu ao a pa yunivesitiyo ananena: kuti poyamba pafupifupi aliyense amadziona ngati wosayenera malowo, ndipo kuti maganizo amenewa amatha m'kupita kwa nthawi. Kenaka anawapempha kulemba ndi kulankhula uthenga womwewo m'mau ao, kuti uthandize odzabwera m'mbuyo mwao. Zonse zinatenga pafupifupi ola limodzi. M'zaka zitatu zotsatira, mamakisi a ophunzira akuda amene anacita zimenezi anakwera, ndipo kusiyana kwao ndi azungu kunacepa ndi theka.

Nditawerenga izi ndinaseka ndekha, cifukwa ndi zomwe mlongo wa ku Katete uja anandicitira, wopanda kudziwa kuti kuli akatswiri amene analemba za izo. Taonaninso kuti ophunzira aja sanauzidwe kuti ndi ofooka ofuna thandizo. Anapemphedwa kuthandiza ena. Komabe tisatengeke. Kafukufuku wina wamkulu wa mu 2023, wocitika m'makoleji 22, anapeza kuti mau otere amagwira nchito kumene wophunzira apezadi anthu omulandira. Kuuza mwana kuti udzazolowera, pamene palibe womulandira, ndi kumunamiza.

Palinso cenjezo locokera kwa anansi athu. M'zaka za m'ma 1980, mayunivesiti monga a Cape Town ndi Witwatersrand ku South Africa anayamba kulandira ophunzira akuda ambiri ocokera m'masukulu amene boma la tsankho linawamana dala maphunziro abwino. Anawakonzera makalasi apadera oonjezera. Colinga cinali cabwino, koma ophunzira ambiri anadana nawo, cifukwa kulowa m'kalasi lotere kunali ngati kuvala cizindikiro cakuti ndiwe woperewera. Pambuyo pake anasintha, n'kupanga maphunziro otalikirapo ndi caka cimodzi amene ali mbali ya digiri yeniyeni. Phunziro lake n'lakuti thandizo lopereka monyoza limathyola mtima womwewo umene lifuna kulimbitsa.

Kuyankha otsutsa

Nkhani iyi ndaikambapo m'misonkhano, ndipo ndidziwa zimene ena amayankha.

Oyamba amati, "Ife tinapita tokha ndipo tinapambana. Wanzeru safuna kugwiridwa dzanja." Abale anga ophunzira, ndikulemekezani, koma werengani bwino. M'kalasi mwanu munapita angati, ndipo munamaliza angati? Amene anagwa panjira sabwera ku misonkhano kudzapereka umboni, ndiye cifukwa timamva mau a opambana okha. Ndipo inuyo, mukafufuza mumtima, kodi panalibe msuweni amene anakulandirani pa siteshoni, kapena mnzanu wa ku Chizongwe, ku St Monica's kapena ku Chassa amene anakuonetsani njira? Tikafika pamwamba timaiwala msanga makwerero.

Aciwiri amati, "Iyi ndi nchito ya boma ndi makoleji. Ife yathu ndi kupemphera." Makoleji alidi ndi udindo, ndipo tiyenera kuwakumbutsa. Koma ndani amadziwa mwanayo ndi dzina kuyambira ku Sande sukulu? Ndani ali ndi nyumba yosonkhanira m'mudzi uliwonse, ndi abale m'tauni iliyonse? Mipingo ndiyo inabweretsa sukulu zoyamba kuno kum'mawa. Pa Magwero, pamene mishoni inayamba mu 1899, pali sukulu za ana osaona ndi osamva kufikira lero. Anthu amene anamanga zimenezi anali kupemphera, ndipo atanena amen anaumba njerwa. Kumbukiraninso kuti Saulo atafika ku Yerusalemu ophunzira anamuopa, mpaka Barnaba anamutenga n'kupita naye kwa atumwi. Kugwira mlendo dzanja ndi nchito yakale ya mpingo.

Acitatu amati, "Tilibe ndalama." Pa msonkhano wa acinyamata wa caka catha tinapeza ndalama za masikipa, za mafuta a galimoto ndi za zokuzira mau. Zimene ndikupempha zifuna benci, bolodi, foni ndi anthu ofuna kunena zoona. Cimene tikusowa ndi kudzicepetsa, pakuti kuimirira pamaso pa ang'ono ako n'kunena kuti ndinapeza 38 n'kovuta kuposa kusonkha K50.

Acinai amati, "Mukawapatula mudzawacititsa manyazi." Awa ndiwo ali ndi mfundo, ndipo nkhani ya ku South Africa ija iwavomereza. Yankho lake n'kucita mwaulemu. Tisaitane "ana ovutika" kapena "ana amasiye" kuti abwere kutsogolo. Tiitane onse amene amaliza Giredi 12, wa mapointi 6 ndi wa mapointi 26, mwana wa sitolo ndi mwana wa mlimi, pakuti onse akupita kumalo kumene sanakhaleko.

Ndiyankhenso gulu lina limene silitsutsa ndi pakamwa, ndiwo ife ophunzira amene timabwera pa holide ndi Cizungu ca m'mphuno, kuyankha amai athu ngati taiwala Cinyanja. Ang'ono athu akationa amaganiza kuti koleji ndi ya anthu a mtundu wina, ndipo kuti munthu ayenera kuvula kwao kuti akalowe. Timawaopseza ndi maonekedwe athu kuposa mmene akulu amawaopsezera ndi malangizo. Tilape.

Cimene tingacite

Mayeso a Giredi 12 amatha cakumapeto kwa caka, zotsatira zimatuluka kawirikawiri mu Januwale, ndipo ambiri amadikira miyezi yambiri, ena caka cathunthu, asanalowe koleji. Nthawi imeneyi timaitaya. Ndi nthawi yomwe mwana amaiwala kuwerenga, ndipo ndi nthawi yomwe ena amakwatiwa kalata isanafike. Ndipempha gulu lililonse la acinyamata kuti litenge miyezi imeneyi kukhala yake.

Coyamba, lembani maina a onse amene amaliza sukulu, ndi a onse a mumpingo amene ali ku koleji kapena anamaliza: aphunzitsi, anamwino, amakanika, alangizi a zaulimi. Mudzadabwa kuti ndi ambiri.

Caciwiri, kumanani pa Ciweru, maola awiri. Odziwa athandize kudzaza mafomu a malo ndi a ngongole nthawi isanathe, ndi kuona kuti aliyense ali ndi NRC ndi mapepala ofunika. Mwana amve msanga kuti ngongole idzabwezedwa. Wina abwere ndi kompyuta yake kuti aliyense aikhudze, alembe tsamba limodzi, atumize kalata pa intaneti. Aphunzire kugawa ndalama za mwezi: lendi, ufa, makala, mapepala.

Cacitatu, aliyense aimirire kulankhula Cizungu pamaso pa anzake mphindi zitatu, ndi kufunsa funso limodzi kwa munthu wamkulu. Alakwitse pano, pakati pa omukonda, kuti lilime lizolowere. Ndipo auzidwe momveka kuti kamvekedwe ka kum'mawa si kulakwa. Mayeso salemba kamvekedwe.

Cacinai, ndipo ici ndico mtima wa zonse: ife amene tinapitako tinene zoona. Aliyense afotokoze tsiku limene anafuna kuthawa, ndi cimene anacita. Umboni wa "zonse zinayenda bwino" tausiye kaye. Pomaliza, opitawo alembe kalata kwa amene adzamaliza caka camawa, kuti naonso adzione ngati opereka.

Cacisanu, pasapite mwana wopanda phungu. Mpezereni munthu pa koleji yomweyo kapena mumpingo wa m'tauniyo, mupatseni nambala yake asanakwere basi, ndipo munthuyo adziwe tsiku lomulandira. Ngati awiri kapena atatu apita kumalo amodzi, adziwane ali konkuno, ngakhale ali a mipingo yosiyana.

Cacisanu ndi cimodzi, imbani foni patapita masabata asanu ndi limodzi, pamene mayeso oyamba abwezedwa. Musafunse kuti "Zili bwino?" pakuti adzayankha kuti inde. Funsani kuti, "Ndi phunziro liti lakuvuta kopambana? Wapita kukaonana ndi mphunzitsi? Umadya ndi yani?"

Ndipo tisaganize za opita ku Lusaka okha. Mwana wa ku Mwanjawanthu wolowa pa Chipata College of Education, wa ku Chadiza wolowa pa Chipata Trades, mtsikana wokaphunzira unamwino ku Mwami kapena ku St Francis ku Katete, onsewa mtima umagunda cimodzimodzi. Tikumbukire makamaka mtsikana amene wasiya khanda kwa agogo ake, amene tinamuimitsa pamaso pa mpingo atalakwa koma sitinamuombere m'manja atabwerera ku sukulu. Tikumbukire mnzathu wosaona kapena wosamva, amene afika pamalo pamene palibe buku la zilembo zake kapena womasulira ndi manja. Ngati wa maso ndi makutu ndinafunsa mtengo wa basi yobwerera, nanga iye?

Kwa iwe amene upita

Mng'ono wanga, mlongo wanga, iwe amene kalata yako yafika: sanalakwitse dzina. Mayeso amene unalemba ku sukulu ya kumudzi ndi omwewo amene analemba a ku Lusaka, ndipo iwe unawalemba ndi mabuku ocepa ndi nyali yocepa mafuta. Masabata oyamba adzakuvuta. Udzaona ngati onse adziwa zimene iwe sudziwa. Ambiri a iwo ali ndi mantha ngati iwe, kungoti aphunzira kubisa. Pepala loyamba likabwera loipa, usalipinde kanai monga ndinacitira ine. Pita nalo kwa mphunzitsi, gogoda, funsa pamene walakwitsa. Funa wakwanu, funanso mnzako wa mtundu wina. Ndipo ukafika caka cacitatu, chera khutu kwa wina amene akulankhula Cinyanja pa foni ndi mau otsika.

Kwa ife otsala, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pa msonkhano wotsatira wa gulu lanu, mlembi asatseke buku musanakambe nkhani iyi. Sankhani anthu awiri, lembani maina, ikani tsiku loyamba kukumana. Pa Sondo lotsazikana tidzaimbabe nthungululu, tidzasonkhabe ya basi, akulu adzalangizabe za mowa. Koma pamene mwanayo aimirira kutsogolo, m'thumba mwake mukhale dzina ndi nambala ya munthu amene akumudikira kumene akupita.